Musamangoyeza nsomba yamphongo, werengani mazira a yaikazi

Kuyambira mu 2001 mpaka mu 2003, gulu la asayansi lotsogozedwa ndi Karen Kidd linkathira dala homoni yopangidwa ku fakitale m'kanyanja kena koyeserapo zasayansi kumpoto chakumadzulo kwa Ontario, ku Canada. Kanyanjako kamangodziwika ndi nambala: Lake 260. Homoniyo inali ethinylestradiol, ija imapezeka m'mapiritsi ambiri olera, ndipo ankaithira katatu pa sabata m'miyezi imene madzi sanaundane ndi chisanu, kuti izikhala pa mananogalamu 5 kapena 6 pa lita (nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a galamu). Piritsi limodzi la mamaikulogalamu 30 mutalisungunula m'migolo 30 ya malita 200, mwafika pa mlingo umenewo. Palibe nsomba imene inayandama chagada. Koma zamphongo za mtundu wa fathead minnow zinayamba kupanga puloteni ya mazira, mazira a zazikazi ankachedwa kukhwima, ndipo chitatha chaka chachiwiri timwana tinasiya kuoneka. Mtunduwo unatsala pang'ono kutheratu m'kanyanjamo, ndipo unadzabwerera patapita zaka atasiya kuthira.

Lake 260 inatseka mkangano wakuti kaya timlingo tating'ono chotere tingathe mtundu wa nsomba. Koma kutchuka kwa mankhwala otsanzira homoni yachikazi kwabala chizolowezi chimene ife tikutsutsana nacho: kutenga magazi a nsomba zamphongo, kuyezamo puloteni imodzi, n'kulengeza kuti mtsinje uli bwino kapena ayi. Kuyeza kumeneko n'kothandiza, koma kumaona njira imodzi yokha mwa njira zingapo zimene mankhwala amawonongera kuswana. Chigamulo chili mwa nsomba yaikazi: yaikira mazira angati, ndipo aswa angati.

Njira yakale ija, yoika nsomba m'madzi a mankhwala maola 96 n'kuona mlingo umene wapha theka, pa nkhaniyi ilibe ntchito. Mlingo wa ethinylestradiol wopha nsomba mwachangu chotero umaposa wa ku Lake 260 kuwirikiza maulendo opitirira 100,000.

Kuti zimveke chifukwa chake yamphongo siingayankhe zonse, tione kaye mmene dzira limapangidwira. Kutentha kwa madzi ndi kutalika kwa usana zikafika pa nyengo yoswana, ubongo umatulutsa homoni ya GnRH. Iyo imadzutsa kachiwalo ka kunsi kwa ubongo kotchedwa pituitary, ndipo kachiwaloko kamatumiza mahomoni awiri, FSH ndi LH, ku thumba la mazira. Dzira lililonse lakutidwa ndi magulu awiri a maselo. Akunja, otchedwa theca, amatenga cholesterol n'kupanga testosterone. Inde, homoni yachimuna m'thupi la nsomba yaikazi. Am'kati, otchedwa granulosa, ali ndi enzaimu ya aromatase imene imasandutsa testosterone ija kukhala estradiol, homoni yachikazi. Estradiol imayenda m'magazi kupita ku chiwindi, ndipo chiwindi chimayamba kupanga vitellogenin, puloteni yaikulu yonyamula mafuta ndi michere. Magazi amabwerera nayo ku dzira, dzira limaimeza n'kuiphwanya kukhala chachikasu chija chimene kamwana kamadalira kasanayambe kudya kokha. M'mitundu ina, monga medaka ndi trout, ngakhale mapuloteni a chigoba cha dzira amachokera ku chiwindi molamulidwa ndi estradiol yomweyo.

Dzira likadzaza sikuti lakhwima. Patsala gawo lomaliza, limene ambiri amaliiwala. LH imakwera mwadzidzidzi, maselo okuta dzira amasiya estradiol n'kuyamba kupanga homoni ina ya gulu la progestin, imene imagwira pakhungu la dziralo. Phata la selo limasunthira m'mphepete n'kusungunuka, dzira limayera n'kumasuka. Lililonse limene laima panjira thupi limaliphwanya n'kuliyamwanso, zimene akatswiri amati atresia. Ndiye werengani malo amene mankhwala angalowerere: ubongo, pituitary, theca, aromatase, chiwindi, kumeza kwa dzira, ndi kukhwima komaliza. Vitellogenin ya m'magazi a yamphongo imangoona amodzi mwa malowa, pachiwindi, ndipo imangoona ngati chinachake chakweza uthenga wa estradiol.

Sitikuinyoza njirayi, mbiri yake ndi yabwino. Yamphongo ili ndi jini ya vitellogenin koma ili chigonere, chifukwa estradiol yake ndi yochepa kwambiri. Ikakumana ndi estrogen (dzina la gulu la mahomoni achikazi monga estradiol) yochokera kunja, jiniyo imadzuka. Mu 1994 Purdom ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ataika nsomba za rainbow trout m'zikwere pamene madzi a suweji oyeretsedwa amatulukira ku Britain. M'milungu yochepa vitellogenin inakwera kuwirikiza maulendo 500 mpaka 100,000. Mu 1998 Susan Jobling, John Sumpter ndi anzawo a ku Brunel University anaonetsa kuti m'malo ena a mitsinje ya Aire ndi Nene, zamphongo zonse za mtundu wa roach zimene anaziyeza zinali ndi zizindikiro zachikazi m'ziwalo zoberekera. Ngati chomwe mukusaka ndi estrogen, palibe chizindikiro chotchipa ndi chomva msanga kuposa ichi.

Nanga ngati mankhwalawo akutsitsa estrogen m'malo moikweza? Vitellogenin ya yamphongo ili kale pansi, ilibe kotsikira. Gerald Ankley ndi anzake ku labotale ya EPA (bungwe la boma la America loteteza chilengedwe) ya ku Duluth, m'chigawo cha Minnesota, anaonetsa zimenezi mobwerezabwereza pa nsomba za fathead minnow. Fadrozole, amene amatseka aromatase, anagwetsa estradiol ndi vitellogenin mwa zazikazi, mazira analephera kudzaza, kuikira kunatsika. Prochloraz, mankhwala opopera mbewu ku matenda a mafangasi, anachitanso chimodzimodzi. Trenbolone, imene amaika kukhutu kwa ng'ombe za nyama ku America kuti zinenepe msanga, inameretsa pamutu pa zazikazi timatotupa timene timamera pa zamphongo zokha, ndipo mazira anachepa pa mlingo wa mananogalamu makumi angapo pa lita. Levonorgestrel, homoni ina ya mankhwala olera, inachepetsa mazira a fathead minnow pa mlingo wosakwana nanogalamu imodzi pa lita m'kafukufuku wa mu 2009. Pa mankhwala onsewa, amene angoyeza vitellogenin ya yamphongo akhoza kulemba kuti madzi ndi abwino, kuikira mazira kutaima.

N'chifukwa chake timakonda njira ya masiku 21 imene bungwe la mayiko osiyanasiyana la OECD linaivomereza mu 2009 pa nambala 229. Imalola mitundu itatu ya nsomba: fathead minnow, medaka ya ku Japan ndi zebrafish. Titenge fathead minnow. Mumasankha nsomba za milungu pafupifupi 20 zimene zayamba kale kuswana. M'thanki iliyonse mumaika zamphongo 2 ndi zazikazi 4. Pamafunika milingo itatu ya mankhwala, yotalikirana kuwirikiza maulendo 3.2 mpaka 10, kuphatikizapo madzi opanda mankhwala ofananitsira, ndipo gulu lililonse limakhala ndi matanki 4. Onse pamodzi ndi matanki 16, nsomba 96. Madzi azikhala pa madigiri 25, kuwala maola 16 ndi mdima maola 8, mpweya wa okosijeni usatsike pansi pa 60 peresenti ya umene madziwo angasunge. Nsomba zoposa 10 peresenti zikafa m'matanki ofananitsira, ntchito yonse yagwa.

Musanathire mankhwala, mumawerenga mazira kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Gawoli ndi limene anthu opupuluma amalidumpha, ndipo amadzalira nalo. Thanki imene siikuikira bwino imachotsedwa pamenepa, ndipo otsalawo amagawidwa mwakuti gulu lililonse lilandire oikira kwambiri ndi oikira pang'ono mofanana. Mukapanda kutero, mwamwayi chabe matanki aulesi akhoza kugwera ku mlingo wapamwamba, inu n'kunamizira mankhwala.

Choikirapo mazira ndi chidutswa cha paipi chodulidwa pakati m'litali, chovundikira pansi pa thanki. Yaikazi imamata mazira kudenga kwake, yamphongo n'kumawalondera. Pansi pake pamaikidwa kambale kophimba ndi sefa yachitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa mazira ena amagwa, ndipo akapanda kutetezedwa amadyedwa musanawawerenge. M'mawa uliwonse mumatulutsa chidutswacho, n'kugubuduza mazirawo pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala kuti amatuke osasweka, kenako kuwerenga pa maikulosikopu. Lolandira umuna limaoneka loyera, maselo akugawikana m'kati. Lakufa limachita mbuu. Yaikazi yathanzi imaikira pakapita masiku atatu kapena anayi, ndipo malamulo a EPA amafuna kuti matanki ofananitsira aziikira mwina kamodzi pa masiku anayi kapena apitirire mazira 15 pa yaikazi iliyonse patsiku.

Tsiku la 21 nsomba zimagonetsedwa ndi mankhwala ogonetsa a MS-222 osakaniza ndi soda kuti madzi asawawase. Magazi amatengedwa pa mtsempha wa kumchira ndi kachubu kagalasi kopaka heparin woletsa magazi kuundana, n'kuthiramo aprotinin woteteza mapuloteni ndi kuika pa ayisi nthawi yomweyo, popeza vitellogenin imaphwanyika msanga ikatenthedwa. Timatotupa ta pamutu timawerengedwa. Ziwalo zoberekera zimanyikidwa m'madzi oziteteza kuti zisawole, a Davidson kapena a Bouin, kuumitsidwa mu sera, kudulidwa tizigawo ta mamaikulomita 4 kapena 5, ndi kupakidwa utoto kuti muone mazira ophwanyika, osadzaza, kapena timazira tobisala mwa yamphongo.

Zolakwika zambiri sizichokera ku nsomba. Choyamba ndi kukhulupirira mlingo wolembedwa pabotolo. Mahomoni amamatirira ku machubu ndi ku ndere za m'thanki, ena mabakiteriya amawadya, kotero mutha kuthira mananogalamu 10 nsomba n'kumakhala m'madzi a mananogalamu 4. Madzi ayenera kumayenda mosalekeza, kusinthika kasanu kapena kuposerapo patsiku, ndipo mlingo weniweni uziyezedwa sabata iliyonse ndi kukhala m'kati mwa 20 peresenti ya pakatikati pake. Lipoti lopanda milingo yoyezedwa m'madzi ife sitiliwerengera.

Chachiwiri ndi estrogen yolowa mozemba m'matanki ofananitsira. Pulasitiki ya polycarbonate imatulutsa bisphenol A, mankhwala otsanzira estrogen. Mu 1991 Ana Soto ndi Carlos Sonnenschein anapeza nonylphenol, imene nayo imatsanzira estrogen, ikuchucha kuchokera m'machubu apulasitiki a m'labotale mwawo momwe. Chakudya cha nsomba chokhala ndi soya wambiri chili ndi genistein, imene nayonso imatsanzira estrogen. Galasi, chitsulo chosachita dzimbiri ndi Teflon ndizo zodalirika, ndipo chakudya chiziyezedwa. Ngati mankhwala afunika chosungunulira, chisapitirire mamaikulolita 100 pa lita, ndipo pakhale matanki ena a chosungunulira chokhachokha.

Chachitatu chimachitikira patebulo. Yaikazi yoswana imakhala ndi vitellogenin ya mamiligalamu pa mililita ya magazi, pamene yamphongo yathanzi imakhala ndi yochepa kuwirikiza masauzande ambirimbiri. Kadontho kosaoneka kotsalira pa lumo kapena pa golovesi kakwanira kusandutsa yamphongo yabwinobwino kukhala umboni wabodza. Sinthani lumo pa nsomba iliyonse, ndipo yambani ndi matanki ofananitsira kukwera mpaka ku mlingo waukulu. Chachinayi ndi masamu: nsomba 6 za m'thanki imodzi zimakhala m'madzi amodzi ndipo zimatengerana khalidwe, kotero powerengera, chinthu chimodzi ndi thanki osati nsomba. Amene alemba kuti anali ndi zitsanzo 24 pamene anali ndi matanki 4 wadzikometsera zotsatira.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo zina n'zolemera. Amati chiwerengero cha mazira chimadumphadumpha kwambiri, ndipo n'zoona: ndi matanki 4 mumangogwira kutsika kwakukulu, kochepa kumakupulumukani. Amatinso mazira angachepe chifukwa cha njala, mantha, kapena chiwindi chowonongeka ndi poizoni wamba, popanda homoni iliyonse kukhudzidwa. N'zoonanso, ndipo n'chifukwa chake sitikunena kuti vitellogenin itayidwe. Mazira amakuuzani kuti pali vuto, magazi ndi tizigawo ta pa maikulosikopu zimakuuzani kumene lachokera. Vitellogenin ikakwera mwa yamphongo, ndi estrogen. Ikatsika mwa yaikazi koma osamera timatotupa, kayikirani aromatase, mutayamba mwaona kuti chiwindi n'chabwino. Ikatsika ndipo timatotupa tamera, ndi androgen, kutanthauza homoni yachimuna. Zonse zikakhala bwino koma mazira odzaza akungounjikana m'mimba osatuluka, yang'anani kukhwima komaliza kapena khalidwe la zamphongo. Palinso chinthu china chimene chimasocheretsa oyeza kamodzi: thupi limabwezera. Aromatase ikatsekedwa pang'ono, pituitary imawonjezera uthenga, thumba la mazira limapanga enzaimu yambiri, ndipo estradiol ikhoza kubwerera pamalo pake pomafika tsiku lotenga magazi. Kaundula wa mazira wa tsiku ndi tsiku amasunga zimene zinachitika m'sabata yoyamba.

Mfundo ya ndalama ndi yovuta kuikana. Matanki 16 a malita 10 osinthidwa kasanu patsiku amamwa malita 800 tsiku lililonse, ndipo madziwo ayenera kusefedwa ndi makala apadera asanatayidwe. Magetsi akazima maola angapo, mapampu ndi zotenthetsera zimaima, kuikira kumasokonekera. Pali njira zachangu: ya yisiti imene Routledge ndi Sumpter anafalitsa mu 1996, imene imasintha mtundu ikakumana ndi estrogen, ya maselo a H295R yoona kapangidwe ka mahomoni, ndi ya EASZY ya mu 2021 yogwiritsa ntchito timwana ta zebrafish kwa maola 96. Zigwiritsidwe ntchito posankha mankhwala ndi mitsinje yoyenera kuyamba nayo. Kulakwa n'kuzitenga ngati chiphaso chakuti nsomba ziswana bwino, pamene m'mbale ya yisiti mulibe pituitary kapena chiwindi.

Njira ya masiku 21 nayo ili ndi malire ake. Imayeza nsomba zazikulu, pamene kusokonekera kwa ziwalo zoberekera kumayambira paukhanda, thupi likusankha kukhala lalimuna kapena lalikazi, ndipo kanjira kodutsamo umuna kakapangika mwachikazi nthawi imeneyo sikakonzekanso. Pa zimenezi pali njira nambala 234 ya mu 2011, yoyambira pa dzira mpaka masiku 60 nsomba itaswa. Medaka imathandiza apa chifukwa ili ndi jini ya DMY yosonyeza kuti inabadwa yamphongo, kaya thupi likuoneka bwanji.

Ndipo ngakhale mazira achepe, si mtundu uliwonse umene umatha. Kafukufuku wa Patrick Hamilton ndi anzake a ku Exeter mu 2014 anapeza kuti roach m'mitsinje ya ku England yolandira madzi a suweji zinkapitirizabe kuberekana mibadwo ndi mibadwo. Roach imakhala zaka zambiri. Fathead minnow zambiri sizipitirira zaka ziwiri kapena zitatu, kotero nyengo ziwiri zopanda ana zikwanira kuzifafaniza. Kutsika kwa mazira kuziwerengedwa pamodzi ndi kutalika kwa moyo wa mtunduwo, ndipo tinsomba ta moyo waufupi m'madzi osasinthika msanga ndito toyenera kuyamba kudera nkhawa.

Apa tiikepo mawu, popeza nkhaniyi imapotozedwa: mlandu si wa amayi amene akulera. Mu 1998 Desbrow ndi anzake atafufuza mitundu ya estrogen imene inali m'madzi a suweji ku Britain, anapeza kuti zochuluka zinali estrone ndi estradiol, zimene thupi la munthu aliyense limatulutsa mu mkodzo, ndipo la mayi woyembekezera limatulutsa zambiri zedi. Ziweto nazo zimatulutsa. Thupi limatulutsa mahomoniwa atamangidwa kuti asagwire ntchito, koma mabakiteriya a m'mipope ya suweji amawamasulanso. Yankho lake ndi kuyeretsa madzi bwino. Switzerland inayamba mu 2016 kuwonjezera ozone kapena makala apadera m'malo pafupifupi 100 oyeretsera madzi a suweji.

Kuno kwathu kum'mwera kwa Africa nkhaniyi si yachilendo. Mu 2004 Irene Barnhoorn ndi anzake anapeza timazira m'ziwalo za milamba yamphongo m'madamu a Rietvlei ndi Marais pafupi ndi Pretoria, ndipo pambuyo pake anapezanso zofanana mwa tilapia ya mtundu wa Oreochromis mossambicus ku mtsinje wa Luvuvhu ku Limpopo, dera limene amapopera DDT polimbana ndi malungo. Amene akufuna kuyeza mitsinje yodutsa m'mizinda, monga Mudi, Lilongwe kapena Likangala umene umakathira m'nyanja ya Chilwa yopanda kotulukira, atenge madzi ndi nsomba m'chilimwe chenicheni, cha mu Okutobala ndi Novembala, pamene mtsinje waphwera ndipo zotayidwamo sizikusungunuka. Zitsanzo za m'dzinja zimakometsa mtsinje uliwonse. Asathamangirenso kunena kuti zamphongo zachuluka chifukwa cha mankhwala, popeza mwa tilapia kutentha kokha kwa madigiri pafupifupi 36 paukhanda kumasandutsa zazikazi zina kukhala zamphongo.

Alimi ena a nsomba amagwiritsa ntchito homoni mwadala. Kuti apeze mbewu yamphongo yokhayokha, imene imakula msanga, amasakaniza mamiligalamu 60 a methyltestosterone pa kilogalamu ya chakudya n'kudyetsa timwana masiku 21 mpaka 28. Madzi ndi matope a m'matanki amenewo sayenera kupita mumtsinje osasungidwa kaye. Ndipo homoni imeneyi ndi chitsanzo chabwino cha mmene yamphongo ingakunamizireni: pa mlingo waukulu, aromatase imaisandutsa estrogen, kotero fathead minnow zamphongo zinapanga vitellogenin zitapatsidwa homoni yachimuna. Woyeza puloteni yokhayo angapite kukasaka gwero la estrogen limene kulibe.

Mitundu itatu ya OECD ija yonse imaikira pafupipafupi, mazira ake n'kuoneka poyera. Chambo ndi makumba zimafungatira mazira m'kamwa, zimaikira patapita milungu, ndipo yaikazi ikachita mantha imatha kulavula kapena kumeza mazira ake. Masiku 21 pa nsomba zotere angakupatseni kuikira kumodzi, mwinanso osaikira n'komwe, choncho kukopera njira 229 mmene ilili n'kutaya ndalama. Nthawi iyenera kutalika kuti yaikazi iliyonse iikire kangapo, iliyonse ikhale ndi chizindikiro chake, ndipo mazira azikhutulidwa m'kamwa pa tsiku lokhazikika sabata iliyonse, monga amachitira opanga mbewu ya nsomba m'mahapa (makhola a ukonde oikidwa m'madzi), n'kukawaswetsa m'mabotolo a madzi oyenda. Popeza mazira a mitunduyi ndi ochepa koma aakulu, kuwerenga kokha sikukwanira: muziyezanso kulemera kwa chisa chonse ndi kukula kwa dzira, chifukwa vitellogenin ikachepa, yaikazi ikhoza kuikira chiwerengero chomwecho cha mazira osadzaza bwino, vuto n'kudzaonekera pa timwana tolephera kufika pa tsiku loyamba kudya.